Nyenyezi Zinayi za pa Mtsuko

Livorno, 3 Epulo 1624

Mayi anga okondedwa, ndi iwe Dianora mlongo wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, ndipo chifuwa cha mayi chija chinapita ndi chisanu. Ine kuno ndili bwino, kungoti nsomba zandikola. Dianora, uwerenge mokweza, ndipo usadumphe mizere monga umachitira ukapsa mtima.

Ndayamba ntchito imene sindinaionepo kwa munthu. Anzanga onse osindikiza zithunzi pa mkuwa kuno amangobwereza zomwezomwezo, lero oyera mtima, mawa zombo, mkuja oyera mtima. Ine ndikupanga buku la anthu makumi anayi, koma anthu anga alibe mnofu. Wina ndi msilikali wa mapoto okhaokha, chipewa chake ndi fanulo. Wina ndi loya wa makiyi ndi maloko. Awiri akuvina, miyendo yawo ndi masizasi. Bambo Ansaldo, ogulitsa mabuku pafupi ndi doko, ataona anaseka mpaka kutsamwa, akuti a ku Firenze adzachita kulimbirana.

Munthu womaliza m'bukuli ndikufuna akhale mayi wa kwathu, wopangidwa ndi ziwiya za m'nyumba mwathu momwemo. Za kuno ndaziyesa, zilibe moyo. Ndiye pempho langa nali: Meo wonyamula katundu uja akamatsika ndi nyulu zake mumupatsire sefa, mbaniro ya pamoto, ndi mtsuko wamkuwa uja. Ndingofuna kuziyang'ana n'kuzijambula basi. Ndikudziwa kuti ukwati wako ndi Bastiano uli pa tsiku la Martino Woyera, koma Novembala ali kutali mlongo wanga. Mtsuko udzabwera mphesa zisanapse.

Mundiikiremonso katchizi.

Mwana wanu,
Zanobi

Castelvaro, 20 Epulo 1624

Achimwene,

Moni. Tili moyo. Chifuwa cha mayi sichinathe, koma atangomva kalata yanu anadzambatuka ngati mtsikana n'kuyamba kukwecha mtsuko ndi phulusa, akuti usakamuchititse manyazi mwana wawo m'tauni. Sindinadumphe mzere uliwonse. Ndikanadumpha umodzi uja, bwenzi pano ndili pamtendere.

Ndinakana, mudziwe zimenezo. Ndinaima pakhomo n'kutambasula manja. Mayi anati, "Choka apo Dianora, kodi mtsuko udzatha ndi maso?" Meo anangoumangirira pa nyulu osayang'ana aliyense.

Mwina zombo zakuiwalitsani za kwanu, ndiye ndikukumbutseni. Kuno mkwatibwi salowa kwa mwamuna chimanjamanja. Amatunga madzi pakasupe ndi mtsuko wamkuwa wa amake, kusenza mpaka pakhomo, kuthirira apongozi m'manja, kenako mwamuna amakhoma nyenyezi pamimba pa mtsukowo ndi msomali. Wathu uli ndi zinayi. Zitatu zili pamzere, koma yachinayi, ya mayi, inatsetserekera pansi chakumanja chifukwa malemu bambo anali atalawa kale vinyo. Malo a yachisanu ndakhala ndikuwasisita ndi chala kuyambira ndili mwana.

Amake a Bastiano, mayi Gostanza, mukuwadziwa. Tsiku la chinkhoswe sanandiyang'ane ine ayi, anayang'ana mtsuko. Anaugogoda ndi mphete, kutchera khutu, n'kunena kuti, "Chabwino, uwu ndaulola." Ine ndikulowa m'nyumba imeneyo pambuyo pa mtsuko, achimwene. Zaka zanga ndi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mwana wa mwini chigayo sagogoda kawiri.

Bafuta wanga ndatsala pang'ono kumaliza. Nsalu zinayi zoyala pabedi zatha, kwatsala malaya amkati awiri. Nyengo zitatu za chisanu ndakhala pa ulusi umenewu, zala zinachita kung'ambika.

Tchizi taika m'kati mwa mtsuko. Ife pano tikutungira ndowa yamatabwa ija yodontha.

Mlongo wanu,
Dianora

Livorno, 28 Meyi 1624

Mlongo wanga,

Zonse zinafika bwino, ndipo tchizi sanaone Lamlungu. Koma iwe mtima wako uja! Ukulemba ngati ndakubera mwana. Mtsuko uli pawindo, dzuwa likamalowa chipinda chonse chimafiira. Uwauze mayi kuti anansi anga amachita kubwera kudzauona.

Ukanangoona mmene ntchitoyi imayendera, bwenzi usakundinyoza. Ndimatenga chidutswa cha mkuwa chophwatalala, kuchipaka phula, kujambula ndi singano, n'kuthira madzi aukali amene amadya mkuwa paliponse pamene singano yadutsa. Ndikachotsa phula ndimapaka inki n'kupukuta. Pamwamba pamayera, koma paliponse pamene mkuwa walowa m'kati, ngakhale kakang'ono bwanji, inki imatsalamo. Kenako ndimaika pepala lonyowa n'kupanikiza. Chodabwitsa n'choti zonse zimatuluka motembenuka, chakumanja chimapita kumanzere. Msilikali wanga woyamba anatuluka wamanzere, ndinalira tsiku lonse. Pepalalo nalo usalipeputse, amapanga ku Pescia ndi nsanza za bafuta, ndipo bafuta akakhala wabwino pepala limamwa inki ngati mkate wamwa msuzi.

Vuto ndi limodzi. Akuluakulu a zombo zankhondo asesa mkuwa wonse m'tauni muno, akuumbira mizinga. Amisiri angokhala manja lende. Ndayenda mpaka ku Pisa, ndabwera ndi matuza okha. Anthu anga asanu ndi mmodzi alibe pogona, akadali pa mapepala a makala, ndipo mmodzi wa iwo ndi mayi wa kwathu uja. Bambo Ansaldo akuti buku likhale lathunthu pofika Sepitembala, apo ayi ndiiwale.

Koma usade nkhawa, Mulungu sataya wake.

Zanobi

Castelvaro, 30 Julayi 1624

Achimwene,

Iyi ndi kalata yachitatu chilandirireni yanu ya mu Meyi. Kaya muli moyo, kaya munakwera chombo, ife sitikudziwa.

Meo anafika Lachiwiri ndi sefa ndi mbaniro. Ndinamufunsa kuti, "Nanga mtsuko?" Iye, "Akuti sanathane nawo." Ine, "A Meo, munauona ndi maso anu?" Munthu wamkulu uja anayamba kuyang'ana ziboda za nyulu ngati mwalowa golide. Kenako anakoka nyulu zake, anapita.

Dzulo pakasupe ndinapezana ndi mayi Gostanza, akazi onse ali pomwepo. Anayang'ana ndowa yanga ikudontha, nati, "Iii, mpongozi, kodi mtsuko uja unapita kukaphunzira Chilatini ku Livorno? Ubwera uli wansembetu umenewo." Anthu anafa nako kuseka. Nanenso ndinaseka, nanga ndikanatani? Pobwerera madzi anandinyowetsa msana wonse, ndipo ndinathokoza chifukwa palibe anaona kuti nkhope nayo inali yonyowa.

Bastiano ndi munthu wabwino, koma pamaso pa amake amasanduka thumba la ufa. Ndinamufunsa ngati angandikwatire popanda mtsuko. Anakanda m'mutu nati, "Ubweratu, si choncho?" Dziwaninso kuti Tita, mwana wa wogulitsa mafuta a azitona, ali ndi mitsuko iwiri yamkuwa, ndipo masiku ano wayamba kukonda kugayitsa tirigu pang'onopang'ono, kawiri pamlungu.

Ndikawauza mayi zimenezi amati ndili ndi nsanje ndi mchimwene wanga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndazindikira. Mphesa zayamba kuda, achimwene. Munalonjeza nokha, palibe anakukakamizani.

Dianora

Castelvaro, 8 Sepitembala 1624

Zanobi mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi abambo Ilario a kutchalitchi kuno, chifukwa mlongo wako wakana, akuti inki yake yatha. Inki ilipo, ndaiona ine.

Kodi ukudya? Meo akuti waonda ndipo zala zako zada bii. Uzivala chapakhosi, mphepo ya kunyanja si yabwino.

Usamumvere Dianora, watengera malemu bambo ako, mkamwa moto koma m'mimba mulibe kanthu. Ine ndamuuza kuti mwana amene ndinamuyamwitsa ndekha sangataye mtsuko wa agogo ake. Ndikudziwa kuti ukuusunga bwino. Kungoti mwana wanga, masiku akutha. Abambo Ilario ayamba kulengeza za ukwati m'tchalitchi mwezi wamawa, ndipo mayi Gostanza anabwera kuno okha, kukhala pampando wa bambo ako osauzidwa, n'kunena kuti akufuna auone mtsuko chilengezo chisanayambe. Ndinawauza kuti uli m'njira. Usandisandutse wabodza pa ukalamba wanga.

Ngati sunamalize kuujambula, bwera nawo udzamalizire kuno. Bedi lako lilipo.

Mayi ako,
Piera

Ine Ilario ndawonjezera mawu awa ndekha, amako sakudziwa: Zanobi, ndinakuphunzitsa kulemba kuti uziyankha makalata. Yankha.

Livorno, 4 Okutobala 1624

Mayi, Dianora,

Pepani chifukwa cha chete. Ndinalibe nthawi ngakhale yometa ndevu. Koma imvani: buku latha! Anthu onse makumi anayi aima pa mapepala. Munthu wa ku Firenze anabwera, anatsegula, kenako anatenga mabuku khumi ndi awiri.

Ndakutumizirani chithunzi chomaliza, choyamba kutuluka, inki isanatope. Mayi, ameneyo ndinu. Thupi ndi mtsuko wathu, nkhope ndi sefa, manja ndi mbaniro, ndipo mwaima monga mumaimira pakhomo podikira munthu, dzanja limodzi m'chiuno. Onse amene aona akuti m'buku lonse ameneyu yekha ndiye akupuma. Amakondanso tinyenyezi tinayi tili kumwambako, akuti ndi nzeru zakuya.

Za mtsuko musavutike mtima. Chogwirira chinagwedera pang'ono ndiye uli kwa mmisiri. Ukangokonzeka nditumiza. Abambo Ilario ayambe kulengeza basi.

Zanobi

Castelvaro, 19 Okutobala 1624

Achimwene,

Chithunzi chafika. N'chokongola, sindinama. Mayi anachipsompsona, kuitana anansi, kuchikhoma pakhoma pamwamba pa malo amene pankakhala mtsuko. Mmene aimira munthu wa ziwiyayo ndi mayi enieni.

Kenako ndinayang'ana kumwamba kwake.

Zitatu pamzere, yachinayi yotsetserekera pansi. Achimwene, nyenyezi zimenezo si za singano yanu. Mizere yanu yonse ndi yopyapyala ngati tsitsi, koma izi ndi zonenepa, zakuda, za msomali. Yachiwiri ili ndi mwendo umodzi waufupi. Chala changa chikuzidziwa kuposa mmene chidziwira nkhope yanga. Munandiphunzitsa nokha mu Meyi kuti paliponse pamene mkuwa walowa m'kati inki imatsalamo. Mmisiri wanu anasula, anasalaza, koma amuna anayi a m'banja lathu anakhoma mwamphamvu kuposa iye.

Ndinawaonetsa mayi. Anayandikira, kutsinzina diso limodzi, nati, "Ayi, yanga inagwera kumanja, iyi ili kumanzere. Si za mtsuko wanga izi. Wangozijambula pokumbukira kwawo." Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti pa ntchito yanu chakumanja chimapita kumanzere. Ndinaona mmene amachiyang'anira chithunzicho, ndinatseka.

Ndiye ndikufunsani ine, osati mayi. Musandiuze za chogwirira. Mtsuko uli kwa mmisiri, kapena mtsuko ndi umene mwasindikizira chithunzichi? Munaudula zidutswa zingati? Zisanu ndi chimodzi, si choncho, anthu anu aja analibe pogona?

Abambo Ilario alengeza kamodzi kale. Mayi Gostanza sanabwere ku Misa tsiku limenelo. Kwatsala masabata atatu.

Dianora

Livorno, 3 Novembala 1624

Mlongo wanga,

Maso ako ndi akuthwa, ukanakhala mwamuna bwenzi uli mmisiri kuposa ine. Inde. Ndinaudula mu Juni.

Usaganize kuti ndinachita mosavuta. Masabata awiri ndinkangouyang'ana. Ndinayesa kusalaza zidutswa zakale kuti ndijambulenso pomwepo, zinapyapyala mpaka kubooka. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala m'tauni muno ndikujambula nkhope za oyera mtima za anthu ena, dzina langa osalembedwa paliponse. Mwayi unabwera kamodzi, ndipo mkuwa wokha umene unatsala mu Livorno yense unali pawindo panga. Ndinkati buku likatha ndidzakupezera wina, mwina woposa uja. Ndafunafuna, Dianora, Mulungu ndi mboni. Kulibe. Ngakhale akazi a akapitawo akutungira zadothi. Akuti mwina chaka chamawa zombo zikabwera.

Koma taganiza bwino. Mtsuko uja ukanatha bwanji? Ukanatunga madzi zaka zina makumi atatu, n'kubooka, n'kusanduka modyera nkhuku. Pano uli ku Firenze, uli ku Genova, wina wapita nawo ku Roma. Mayi athu adzaonedwa ndi anthu amene sanabadwe. Madzi akatayika saoleka, mlongo wanga, koma awa sanatayike pachabe.

Ndipo sindinakuiwale. Dzulo ndatenga msomali ndi nyundo, ndakhoma nyenyezi yachisanu pa chidutswa chija, pamalo ako enieni. Zithunzi zonse zotuluka kuyambira lero zidzakhala ndi zisanu. Ndakutumizira choyamba. Ukachionetse kwa mayi Gostanza, uwauze kuti mpongozi wawo ali m'buku. Ngati Bastiano ndi mwamuna, sangakusiye chifukwa cha chiwiya.

Mayi usawauze. Ndidzawauza ndekha ndikadzabwera pa Pasaka.

Mchimwene wako wokukonda,
Zanobi

Castelvaro, 14 Disembala 1624

Zanobi,

Moni sindikupatsa, ndipo za moyo wako sindifunsa. Uli bwino, ndikudziwa. Anthu ngati iwe amakhala bwino.

Ndinachita zimene unanena. Usadabwe, munthu akamamira amagwira ngakhale udzu. Ndinavala bwino, kupita kuchigayo ndi pepala lako, kuwauza zoona zonse. Mayi Gostanza analigwira ndi zala ziwiri, kulitembenuza, n'kundifunsa kuti, "Ndiye madzi a m'manja mwanga udzatungira m'menemu?" Kenako anawerenga nyenyezi ndi chikhadabo. Atafika pa yachisanu anaitana mwana wawo. "Bastiano, tabwera udzaone. Wakhoma ndiwe iyi?" Iye anati ayi. Iwo anati, "Basitu, mtsikanayu anakwatiwa kale, nyenyezi yake nayi. Ife tisalowerere banja la eni."

Bastiano anandiperekeza mpaka pamlatho. Analira, ndimupatse zake. Ine sindinalire, ndinali nditatopa.

Tsiku la Martino Woyera ndinakhala m'nyumba, ndinasenda nyemba. Lamlungu lapitali Bastiano wakwatira Tita. Njira ya kukasupe imadutsa pakhomo pathu, ukudziwa, ndiye ndinamuona akusenza mtsuko wake, waung'ono, wopyapyala, wolira ngati chitini. Kugogoda kwa msomali kunamveka mpaka kuno. Katatu kokha, go, go, go, basi zatha.

Unalemba kuti mtsuko ukanangotunga madzi zaka makumi atatu. Eya, Zanobi. Zaka makumi atatu zimenezo zinali zanga. Ndinkazifuna zomwezo, madzi, chigayo, apongozi amwano, ana a ufa m'tsitsi. Sindinapemphe kupita ku Roma. Ndipo msomali uja sunali wako. Mkuwa ndikanatha kukukhululukira tsiku lina nditakalamba, chifukwa njala ya dzina ndi njala ndithu. Koma unakhala pansi, kusankha msomali, kuyeza malo anga amene ndinakuuza ndekha, n'kukhoma, uku ukuganiza kuti ukundipatsa mphatso. Chimenecho ndidzafa nacho.

Mayi sindinawauze, ndipo si chifukwa choti unandiletsa. Akuganiza kuti mayi Gostanza anangosintha mtima chifukwa cha mafuta a azitona. Meo akamadutsa mayi amatuluka n'kuima pakhomo, dzanja limodzi m'chiuno, ndendende ngati pa chithunzi chako, kufunsa ngati wabwera nawo. Meo tsopano amadzera njira ya kumanda. Pa Pasaka usabwere. Ukabwera udzawauze uli chiimire pamaso panga, ndione ngati mawu okoma aja a anthu amene sanabadwe adzatuluke.

Mtolo umene Meo akupatse ndi wochokera kwa ine. Muli nsalu zinayi zoyala pabedi ndi malaya amkati awiri, bafuta wosagonapo munthu. Unati wabwino amamwa inki ngati mkate wamwa msuzi, ndipo wabwino kuposa uyu sungamupeze m'mapiri onse ano. Ndang'amba kale ndekha, tizidutswa tating'ono, kuti a ku Pescia asavutike ndiponso kuti usayese kundibwezera. Mkuwa unatenga wa mayi, pepala tenga langa. Usindikizepo mkazi wako wa nyenyezi zisanu uja, ambirimbiri, apite ku Roma ndi ku Genova. Ameneyo ndiye anakwatiwa, zogonera n'zake.

Ndowa ikudonthabe. Usatumize kanthu.

Dianora